Madzi a Shire ndi Zokhumba za Mtima

Ife a kuno ku Matope timaudziwa mtsinje wa Shire. Kumtunda madzi amayenda mwakachetechete, koma kumunsi amalusa pa mathithi. Komabe pa Nkula, chiyambire 1966, ukali womwewo wakhala ukutipatsa magetsi, popeza anthu anawalambulira njira madziwo.

Ine ndiona kuti mtima wa munthu uli chimodzimodzi. Ambiri timayesa kuti kutembenuka mtima ndiko kuphwetsa zokhumba zathu zonse. Iyayi. Bambo wothera ndalama za thonje ku mowa, pansi pa mtima afuna mpumulo ndi abwenzi. Zimenezi nzabwino ndithu, koma iye azifunafuna posayenera, ana nagona ndi njala.

Augustine Woyera anathamangira ulemu ndi zokondweretsa thupi zaka zambiri, kufikira pamene anabatizidwa ku Milan m'chaka cha 387. Ludzu lake silinaphwe, koma linalunjika kwa Mulungu.

Tsono abale anga, pokonzekera kukalapa tisangowerenga machimo okha. Tidzifunsenso kuti: kodi ndinali kufunanji kwenikweni? Pakuti chimene tichifunitsitsa ndicho chilamulira ndalama zathu, lilime lathu ndi tsiku lathu Lamulungu.