Achimwene, Musaphimbe Khoma Lonyowa

Okondedwa achimwene,

Ndamva kuti mukufuna kukhoma matabwa pamakoma a pabalaza kuti nyumba ioneke bwino. Ndisanatumize ndalama, imvani kaye zimene maso anga akuona pantchito.

Nyumba zambiri zimene timakonza kuno ku Leicester ndi zogundizana, za njerwa zofiira, zomangidwa m'zaka za m'ma 1800. Amisiri akalewo ankamangira laimu, amene amalola chinyezi kutuluka m'khoma. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, eni nyumba ambiri anaphimba makomawo ndi matabwa opyapyala, ena pokongoletsa, ena pobisa malo onyowa. Lero ife tikulipidwa kuti tiwazule.

Tikawazula ndiye timakumbukira mawu a akuluakulu aja, akuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Kuseri kumakhala nguwi yakuda bii, pulasitala akuyoyoka, mitengo yokhomerapo itawola. Nguwi imeneyi imapha. Mu 2020 mwana wa zaka 2, Awaab Ishak, anamwalira ku Rochdale chifukwa chokhala m'nyumba yodzaza nguwi. Ndipo matabwawo sitiwazula chisawawa. Dziko lino linaletseratu asbestos mu 1999, choncho m'nyumba yakale timayamba tapimitsa ngati alimo, poti fumbi lake limayambitsa khansa ya m'mapapo.

Mmisiri weniweni amayamba wafufuza kumene madzi akuchokera, kaya ndi padenga, kaya ndi paipi yobooka, kaya akukwera kuchokera pansi. Akatseka pamenepo amadikira khoma liume, ngakhale patapita miyezi. Kenako amapaka pulasitala, ndipo akamakhoma matabwa atsopano amasiya kampata kumbuyo kuti mphepo izidutsa.

Kwathuko pali mdani wina amene kuno savuta: chiswe. Chikapeza mdima ndi chinyezi kuseri kwa thabwa, chimadya mwakachetechete, inu n'kudzadziwa zonse zitatha. Ndipo khoma lathu lakumbuyo lija limanyowa dzinja lililonse.

Ndiye chonde, achimwene, ndalama zoyambazi zipite ku malata odontha, kukweza khonde ndi kukumba ngalande kuti madzi asamaime pamaziko. Dzinja likudzali muliyang'anitsitse khomalo. Likafika mwezi wa Epulo lili louma, za matabwazo ndidzatumiza ndi mtima wonse. M'nyumbamo mukugona ana athu ndi mayi okalamba, ndipo chifuwa chawo mukuchidziwa kale.

Mupereke moni kwa onse pakhomopo.

Ndine mng'ono wanu,
wa ku Leicester