Ofuna Njoka Usiku m'Cipululu ca California

Munthu akaona njoka pa njira, kawiri-kawiri cimene ayamba kufuna ndi ndodo kapena mwala. Koma ku dziko la America alipo anthu amene adikira kuti dzuwa lilowe, nakwera galimoto, napita ku cipululu kukafuna njoka mwadala. Satenga cibonga ai, koma nyali ndi makina ojambulira zithunzi. Amene anachukitsa mayendedwe otere anali munthu wa nchito yina ndithu, dzina lace Laurence Klauber.

Klauber anabadwa m'caka ca 1883 mu mzinda wa San Diego, m'cigawo ca California. Nchito imene anaiphunzira inali ya magetsi, ndipo anakwera kufikira anakhala mkulu wa kampani ya magetsi ya mu mzindamo. Za njoka anaziphunzira yekha, pa nthawi imene anzace anali kupumula.

Kum'mawa kwa San Diego, kuseri kwa mapiri, kuli cipululu ca mcenga ndi miyala cochedwa Anza-Borrego. M'miyezi ya dzuwa kutentha kwa masana kupitirira madigiri 40. Tsono njoka ilibe moto wa m'thupi monga munthu kapena mbuzi. Thupi lace litsata kutentha kwa malo amene yagonapo, monga buluzi amene aothera dzuwa pa mwala. Ikakhalitsa pa mcenga wotentha motero, ifa. Cifukwa cace usana ibisala m'mauna a mbewa ndi pansi pa miyala, ndipo ituluka kukada.

Anthu ophunzira a masiku akale anali kufuna njoka za m'cipululu masana, nabwerera nazo zowerengeka. Panali kanjoka kena kopanda ululu woopsya munthu, kotalika mainchesi 12 kufikira 20, kamene pa mphuno pace pali kacikopa kolimba konga tsamba. Kanalembedwa m'mabuku m'caka ca 1868, ndipo kwa zaka zoposa 50 anangopezapo towerengeka, kotero kuti onse anabvomerezana kuti nkosowa zedi.

Pambuyo pace miseu ya phula inafika m'cipululumo. Klauber anayamba kuyenda pa galimoto usiku, pang'ono-pang'ono, maso ali pamene nyali ziunika. Njoka imene siioneka pakati pa zitsamba ioneka poyera pa phula lakuda. Ndiponso phula lisunga kufunda kwa dzuwa, ndipo njoka zina ziima pamenepo kuotha. Iye analemba zonse m'buku lace: tsiku, ora, malo, kutentha kwa mphepo ndi mtundu wa njoka. Pomaliza kunadziwika kuti kanjoka kosowa kaja ndi kamodzi mwa njoka zoculuka kopambana m'cipululumo. Sikanasowe konse, anthu ndiwo anali kukafuna pa nthawi yolakwika.

M'caka ca 1939 Klauber anasindikiza zimene anapeza pa maulendo a usikuwo, ndipo mu 1956 anatulutsa mabuku awiri akulu onena za njoka yaululu imene eni dziko aicha rattlesnake. Anamwalira mu 1968, atapereka zokwawa zosungidwa zoposa 35,000 ku San Diego Natural History Museum, kuti ophunzira a m'mbuyo mwace azipime.

Lero cigawo cacikulu ca cipululuco cisungidwa ndi boma, ndipo lamulo liletsa kutengamo nyama. Amene atsata mapazi a Klauber abwerako ndi zithunzi zokha. Woyendetsa galimoto angathe kuyenda maora atatu osaona kanthu, naima kambiri-mbiri cifukwa ca kamtengo kapena cingwe cotayika. Kenaka aona cinthu coyera cirikukwawa. Aimika galimoto pambali pa mseu, ndipo asanaponde pansi ayamba waunika pamene adzaika phazi.

Kapena apeza rattlesnake. Ku mcira kwace kuli manjerenjeza amene iwaliza pocenjeza wobwera pafupi. Manjerenjezawo ndi a mtundu umodzi ndi zikhadabo za munthu, ndipo njokayo ikafundula aonjezeka ndi limodzi. Ena ayesa kuti powawerenga adziwa zaka zace, koma si tero, pakuti ifundula kangapo pa caka, ndipo a kunsonga athyoka. Pakati pa diso ndi mphuno iri ndi kadzenje komvera kufunda kwa thupi la mbewa, cifukwa cace isaka bwino ngakhale mu mdima wa ndiwe yani. Kapena apeza mbale wace wamng'ono wochedwa sidewinder, wa tinyanga pamwamba pa maso, amene ayenda cam'mbali pa mcenga, nasiya mizere yonga lemba la J.

Apa ndi pamene mtima wa wojambula uyesedwa. Saigwira ndi manja, pakuti ambiri mwa olumidwa ndi amene anafuna kugwira njoka kapena kuipha. Aima patali, podziwa kuti njoka ikadzikunga ingathe kudziponya monga theka la utali wace. Pamenepo anjuta, naunika cam'mbali, nakhala cete. Akapupuluma, njoka ithawa kapena ikwiya, ndipo cithunzi cionongeka. Akadikira, manjerenjeza aleka kulira, njoka itulutsa lilime kulawa mphepo, ndipo maanga a pa msana pace aoneka bwino-bwino. Akulu ananena zoona kuti kuona maso a nkhono nkudekha.

Koma nchito yace siithera pa cithunzi. Mseu umene uonetsa njoka ndi womwewo umene uzipha, ndipo usiku wina zopondedwa ndi magalimoto ziculuka koposa zamoyo. Pakufa pace mbewa ndi makoswe zipeza ufulu, pakuti ndizo cakudya ca njoka zambiri. Cifukwa cace munthuyo atenga ndodo yaitali ya ngowe ku nsonga, naisuntha njokayo kuicotsa pa phula. Aiolotsera ku mbali imene inali kulinga, popeza akaibweza kumene yacokera idzayesanso kuoloka iye atapita.

Motero abwerera kwao mbanda kuca, m'maso muli tulo, m'manja mulibe nyama kapena cikopa. Anansi angathe kumseka kuti wataya mafuta pacabe. Koma cithunzi cimene wabwera naco ndi mboni yakuti pa malo akuti, usiku wakuti, panali camoyo cimene oyenda masana sanacione, ndi kuti cinaoloka mseu ciri moyo. Ambiri anena kuti m'cipululu mulibe kanthu, cifukwa anapitamo dzuwa liri pamutu. Klauber anapitamo usiku ndi nyali ndi pensulo, napeza kuti mwadzaza eni ace.