Ulendo wa Agogo ku Dziwe la Mulunguzi

Anzanga ambiri pasukulu pano akabwera kutchuthi amakonda kusimba za mapiri amene anakwera. Wina amati anakafika pa Sapitwa, wina amati anagona m'phanga usiku wonse. Ine ndilibe zotere zoti n'kudzitama nazo, pakuti ulendo umene ndifuna kukusimbirani unali wa pa njira yosavuta, imene ngakhale mwana wa zaka 5 angayende osalira.

Kunali m'chilimwe, Loweruka lina kumayambiriro kwa mwezi wa Sepitembala, sukulu zisanatsekulidwe. Malume anabwereka galimoto nati atiperekeze pamwamba pa phiri la Zomba. Ine ndinakondwa kwambiri chifukwa ndinaganiza kuti tikakwera mpaka pa nsonga ya Malumbe, imene ili pamtunda wopitirira mamita 2,000, kuti nanenso ndidzakhale ndi chonena pakati pa anzanga. Koma pamene tinali kumanga kamba wa paulendo, Agogo anatuluka m'nyumba atavala chitenje chawo cha kutchalitchi, ndodo ili m'manja.

"Amayi, mawondo anuwo simukafika nawo kulikonse," anatero Mayi. Agogo anayankha kuti, "Mwanawe, phiri limenelo ndinalikwera iwe usanabadwe. Ndilekeni ndikalione maso akali kupenya." Palibe amene anawonjezapo mawu. Malume anangoti basi tikayenda m'mbali mwa dziwe la Mulunguzi mpaka ku mathithi a Mandala, kumene njira yake ilibe zitunda zambiri. Kunena zoona ine zinandinyansa, ndipo m'galimoto monse sindinalankhule ndi munthu.

Msewu wokwera phirilo ndi wokhotakhota ndithu. M'mbali mwake munali anyamata ogulitsa mabulosi ndi zipatso zina m'timbale, ndiponso amayi otsika ndi mitolo ya nkhuni yaitali kuposa iwo eni. Titafika pa dziwe cha m'ma 9 koloko, thukuta la m'tauni linauma, pakuti pamwambapo mphepo yake ndi yozizira ngakhale m'chilimwe. Madzi anali bata, ndipo mitengo ya paini inali kuoneka m'madzimo chadodolido. Mlongo wanga wamng'ono anafuna kuvula kuti asambire, koma Malume anamletsa. Anamuuza kuti madzi amenewa ndi omwe aja timatunga pa mpopi kunyumba, chifukwa dziweli linamangidwa kuti lisunge madzi a anthu a mumzinda wa Zomba.

Tsono tinayamba kuyenda. Ine anandipatsa ntchito yowagwira Agogo dzanja, ndipo tinali kuyenda ngati bilimankhwe. Tikaponda mapazi makumi awiri, taima. Poyamba ndinali kuyang'ana kumbuyo kuopa kuti mnzanga wina wa kusukulu angandione. Koma poima paliponse Agogo anali ndi chondionetsa. Anandilozera pamene panadutsa nyani usiku, ndi tsamba limene ankatafuna m'mimba mukamapota. Pena anandiuza kuti nditseke pakamwa ndimvetsere, ndipo ndinamva madzi akuyenda pansi pa udzu pamene ine ndinkayesa pouma. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tili chikhalire pa mwala wina anayamba kundisimbira za kale. Ali mtsikana, Zomba akali likulu la dziko lino, lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975, ankasenza mbatatesi kuchokera kuphiri kukagulitsa kumsika. Ankatsika ndi kanjira kotsetsereka kamene mpaka lero kamatchedwa Potato Path, nabwerera dzuwa lisanalowe. M'phiri momwemo ndimo anakomana ndi Agogo aamuna, amene ankagwira ntchito yodzala paini. Chimwalirire iwo, Agogo anali asanapondemonso m'phirimo, ndipo khoma lalikulu la dziweli analiona tsiku limenelo koyamba. M'masiku awo, iwo anati, panali kadziwe kakang'ono chabe.

Kenaka anakweza ndodo naloza chitunda cha kutsidya. Panalibe mtengo ngakhale umodzi, koma zitsa zokhazokha ndi phulusa la moto wolusa. "Pamenepo agogo ako anadzalapo ndi manja awo," anatero. "Unkati ukalowamo masana, mdima ngati usiku." Anakhala chete nthawi yaitali, ndipo ine ndinasowa chonena. Pambuyo pake anandifunsa kuti, "Mwamuna wanga, kodi kusukulu kwanuko anakuphunzitsani kumene madzi awa amapita?" Ndinayankha monyada kuti mtsinje wa Mulunguzi umatsikira m'tauni, nukathira mu Likangala, ndipo Likangala amakathira m'nyanja ya Chilwa, imene inaphwa mu 1968 ndiponso mu 1995. Agogo anaseka nati, "Wakhoza. Nanga kumene amachokera?" Pamenepo ndinagwidwa njakata. Iwo anagogoda pansi ndi ndodo yawo nandiuza kuti mvula ikagwa pa nkhalango, masamba ndi mizu zimaigwira kuti ilowe pansi pang'onopang'ono, ndipo ndi madzi omwewo amene amatuluka m'chilimwe mvula italeka kalekale. Koma ikagwa pa chitunda chometedwa imangothamanga tsiku limodzi, nikokolola dothi kukalitaya m'dziwe. Zimenezi zilimo m'buku lathu la Jogalafe, ndipo ndinaziloweza pokonzekera mayeso, koma ndinazimvetsa tsiku limenelo.

Tinafika ku mathithi a Mandala dzuwa lili pamutu. Si mathithi aakulu ayi, koma pali mthunzi wabwino ndi miyala yokhalapo. Mayi anayala chitenje natulutsa chinangwa chophika, mazira ndi thobwa. Tisanadye n'komwe, nyani wamkulu anatsika mumtengo, natsomphola nthochi m'manja mwa mlongo wanga, ulendo! Mwanayo analira kwambiri, koma Agogo anaseka mpaka misozi, nati anyani a m'phiri muno sanasinthe khalidwe chiyambire utsikana wawo. Atatha kudya anandipempha kuti ndiwatsitsire kumadzi. Anatunga ndi manja awiri, nasamba kumaso, nanena chapansipansi mawu amene sindinawamve. Sindinawafunse.

Pobwerera mawondo anayamba kuwavuta, kotero kuti chigawo chotsiriza Malume anachita kuwabereka kumsana. Mayi anali kudandaula kuti ananena kale, koma Agogo anali kungoyimba nyimbo ya kutchalitchi ali kumsanako. Kunyumba anagona masiku awiri osadzuka, komabe aliyense wobwera kudzawazonda ankamusimbira za dziwe ndi za nyani uja.

Tsopano Agogo satha kuyenda kupitirira pa khonde, ndipo ndidziwa kuti kuphiri kuja sadzapitakonso. Tikadakwera ku Malumbe monga ndinafunira ine, iwo akadatsala kunyumba, ndipo ine sindikadadziwa chitunda chimene agogo anga aamuna anadzalapo mitengo. Choncho anzanga, mukamapangana ulendo wa tchuthi chikudzachi, musanyoze njira yaifupi. Tengani agogo anu ndi ang'ono anu, muyende nawo pang'onopang'ono. Ine mvula ikayamba ndidzapempha Malume kuti tikadzale mbande pa chitunda chija, ngati a zankhalango adzatilola.

Mnyamata wa Fomu 3