Wotsalira Kumbuyo

Ndinakulira ku Marka, kumapeto kwa boma la Nsanje, kumalire a dziko lino ndi Mozambique. Kwathuko dzuwa limaswa mtengo, ndipo munthu sungathamange mphindi 90 zonse ukulimbirana mpira. N'chifukwa chake timu ya m'mudzi mwathu inkasewera mwa njira imene pa Chingerezi amati counter-attack. Achimwene anga, omwe ankasewera komanso kutiphunzitsa, ankangoti n'kubisalira, monga ichitira ng'ona ya mu Shire: imakhala duu m'madzi mpaka mbuzi itayandikira.

Kayalidwe kathu kanali ka 4-4-2. Otchinga kumbuyo anayi ankaima pamzere umodzi pafupi ndi goloboyi, ndipo anayi apakati ankaima kutsogolo kwawo, mothithikana, kuti pasakhale mpata wodutsira mpira. Tinkawasiya adani athu abwere ndi mpira mpaka m'dera lathu. Akabwera ambiri, kumbuyo kwawo kunkatsala pululu. Tikangowalanda, tinkapatsirana kawiri kapena katatu basi. Osewera m'mbali ankathamanga kutsata mzere kuti otchinga a adani abalalike. Mmodzi wa akutsogolo, wamphamvu, ankalandira mpira n'kuusunga, pamene mnzake waliwiro ankalowa mumpata.

Ine ndinkafunitsitsa malo a waliwiroyo, chifukwa ndiye ankaimbiridwa nthungululu. Koma achimwene anandiika pa namba 6, pakati, kutsogolo pang'ono kwa otchinga. Ntchito yanga inali kutseka njira, kulanda mpira, n'kuupereka msanga. Anzanga akamathamangira kugolo, ine ndinkayenera kutsala.

Tsiku lina tikutsogola ndi chigoli chimodzi, mtima unandinyenga, ndinathamangira kutsogolo. Mpira unatiphonyoka, ndipo adani anadutsa pamalo pomwe ndinasiyapo n'kubweza chigoli. Madzulo ake achimwene sanakalipe. Anangoti, "Iwe mphwanga, ukapita iwe, ndiye kuti ine ndisapite. Onse sitingathamange. Kuona maso a nkhono n'kudekha." Ndinakwiya sabata yathunthu.

Ndinadzamvetsa pa 25 January 2022, pamene Flames inakumana ndi Morocco ku Yaoundé mu mpikisano wa AFCON. Namondwe wa Ana anali atangosakaza chigwa chathu, malo opangira magetsi a Kapichira ku Chikwawa ataonongeka, moti tinamvera masewerowo pa kawailesi ka mabatire. Pa mphindi ya 7, Gabadinho Mhango anamenya mpira ali kutali kwambiri ndi golo, n'kugoletsa. Tonse tinakuwa. Koma achimwene ankatchera khutu ku zina: mmene goloboyi Charles Thom ndi otchinga ankabwezera mipira mphindi ndi mphindi. Morocco inapambana 2-1 ndi zigoli za Youssef En-Nesyri ndi Achraf Hakimi. Achimwene anati kubisalira kuli ndi ngozi yake: ukakhalitsa kumbuyo osapeza wokupumulitsa kutsogolo, khoma limagumuka ndithu. Wotsala ndi wothamanga amadalirana. Ngakhale Leicester City itatenga chikho cha ligi ya ku England mu 2016, liwiro la Jamie Vardy linkadalira mipira imene N'Golo Kanté ankalanda pakati.

Nditasankhidwa kupita ku yunivesite, kunyumba kunalibe ndalama zoti tonse awiri tiphunzire. Achimwene, omwe ankafuna kubwereza mayeso a MSCE, anasiya maganizowo. Anatsala kumudzi, akulima mapira ndi kupalasa kabaza, kuti ine ndipeze ya thiransipoti ndi ya chakudya. Namondwe wa Freddy atabwera mu March 2023, ndi iwo amene anasamutsira amayi kumtunda.

Masiku ano ndikapita kutchuthi, anthu amandilonjera ine poyamba, ati ndine wophunzira. Ndimachita manyazi, pakuti ndikudziwa kumene mpira unachokera. M'banja mwathu ine ndapatsidwa malo aja ndinkalirira, ndipo ndaona kuti ndi olemetsa: mpata ukapezeka, wakutsogolo sayenera kuphonya, chifukwa otsala kumbuyo atopa. Kwanditsalira chaka chimodzi kuti ndimalize digiri. Ndikadzayamba ntchito, ndalama yoyamba idzakhala yolembetsera achimwene mayeso aja. Ndinawauza zimenezi pa Khirisimasi yapitayi. Anaseka, n'kundiuza kuti ndiyambe ndamaliza.