Za kumeta ndevu ndi makina aukali

Makina ometera ndevu amene abambo ambiri a kuno ku Meluluca amasomeka kudenga kapena kusunga m'thumba la jekete ya Lamulungu ali ndi zigawo zitatu zokha: cigwiriro, kambale ka pansi, ndi civundikiro. Pakati pa kambale ndi civundikiro pamagona lumo lakuthwa mbali zonse ziwiri, lopyapyala kotero kuti mutasanjika malumo 10 ndi pamene mungakwanitse milimita imodzi. Ena a ife timati lezala, ena timati gilete monga amanenera a Cipwitikizi. Dzina laciwirili ndi la munthu. King Camp Gillette, wa ku America, ndiye anayamba kugulitsa makina a lumo lotaya likabuntha. M'caka ca 1903 anagulitsa makina 51 okha ndi malumo 168, ndipo mu 1904 boma la kwao linamupatsa cikalata comuzindikira kuti nzeruyo ndi yake. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse asilikali a America anapatsidwa makina amenewa, ndipo atabwerera kumidzi kwao sanawasiye. Kucokera kumeneko dzinalo linayenda mpaka kudzafika m'mabaraka a ku Metangula ndi m'kamwa mwa ana athu.

Koma makina onse sali a mtima umodzi. Alipo ofatsa, alipo aukali. Kodi ukali wa makina ndi ciyani, popeza lumo lake ndi lomwelo? Tengani makina anu, mumangemo lumo, ndipo muwapenye cam'mbali kumene kukucokera kuwala. Mudzaona mpata pakati pa msonga ya lumo ndi mkombero wa kambale kaja umene umakhudza khungu poyamba. Mpatawo ukakhala waung'ono, lumo nkukhala lobisala, makinawo ndi ofatsa: amakhululukira dzanja lolemera, koma amasiya tsitsi. Mpata ukakula, lumo nkutulukira kunja ngati lilime la ng'azi, amenewo ndiwo aukali. Ena kambale kao kali ndi mano ngati cipeso, kuti ndevu zazitali zidutse momasuka nkukakumana ndi lumo. Ku Ulaya ochuka pa ukali ndi a ku Germany ochedwa Mühle R41, ndipo kampani ya Gillette ca m'ma 1958 inatulutsa makina okhala ndi nambala kuyambira 1 mpaka 9, kuti mwini azicepetsa kapena kuonjezera mpatawo yekha. Athu ambiri alibe dzina. Anabwera ndi amalonda kucokera ku Lichinga, kapena ndi agogo amene anakagwira nchito ku Joni, ndipo ukali wao timaudziwira pa tsaya.

Pano tichinjirize cinthu cimodzi. Alipo makina amene lumo limakhala mopendekeka, mbali ina lotuluka kwambiri, mbali ina lobisala. Umenewo si ukali, ndi cilema, ndipo palibe luso lingaucize. Musanamange cigwiriro kotheratu, yang'anani ngati lumo latuluka mofanana uku ndi uku. Likakana kukhala bwino ngakhale mwaliwongola, makinawo musapatse mwana.

Nanga tinasankhiranji aukali, ofatsa alipo? Cifukwa cake ndi ndevu zathu ndi moyo wathu. Sitili anthu a mu ofesi ometa m'mawa uliwonse. Ambiri a ife timameta kamodzi pa sabata, Loweruka madzulo, maukonde atayanikidwa. Ndevu zimakula pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a milimita pa tsiku, ndiye pofika Loweruka zimakhala zitapitirira mamilimita 2, zolimba, zopotana, zouma ndi dzuwa la pa nyanja. Timakina ta pulasitiki ta malumo awiri kapena atatu timatsamwa tisanafike n'komwe pa cibwano, ndipo mtengo wa kamodzi ungagule malumo angapo. Makina ofatsa amafuna kubwereza pamalo pamodzi kanayi kapena kasanu, ndipo kubwereza kumeneko ndiko kumasupula khungu. Aukali amadutsa kamodzi, ndevu nkugwa. Kwa wometa wa makina a magetsi kumafuna ndalama m'manja sabata ndi sabata, ndiponso kuti batire lake likhale litadya dzuwa. Tinaona tsono kuti kuli bwino kuphunzira makina ovutawa kusiyana ndi kubwerera ku cizolowezi cakale cogwira lumo lopanda cigwiriro ndi zala ziwiri, cimene casiya zipsera pa nkhope za amuna ambiri a m'mbali mwa nyanja ino.

Nchito imayambira pa moto, lumo lisanatuluke m'pepala lake. Tsitsi louma ndi lolimba ngati waya, koma likamwa madzi limafewa, ndipo kumwa kwake kumatenga mphindi ziwiri kapena zitatu. Nchifukwa cake timameta titangosamba, kapena timayamba tafunda nkhope ndi kansalu koviika m'madzi ofunda. M'miyezi ya mwera, mu Juni ndi Julaye, khungu likauma ndi kucita mbuu, kupempha mayi a kunyumba kuti atisiyire madzi pa mafuwa si ulesi ai. Sopo timamupaka mpaka thovu litakhala lonyowa ndi loterera, osati louma ngati phulusa. Thovu likauma tisanamalize mbali ina, timanyowetsanso. Sopo wocapira zovala amagwira nchito pamene wina palibe, ngakhale amaumitsa khungu. Mafuta pang'ono pambuyo pake amabweza zimene iye watenga.

Cimene cinatitengera nthawi yaitali kuposa zonse ndi dzanja. Manja athu analeredwa ndi nkhafi, khasu ndi cingwe ca khoka. Ciliconse cimene tinaphunzira kuyambira ubwana cinatiuza kuti nchito imamvera mphamvu: ukafuna bwato lithamange, kanikiza, ukafuna cinangwa cizuke, koka. Makina aukali amafuna zosiyana ndi zimenezi, ndipo munthu wamkulu, wa ana ndi adzukulu, amapezeka akuphunzira kupepuka ngati mwana wophunzira kugwira pensulo. Ukakanikiza, khungu limatukuka nkulowa mu mpata uja, ndipo lumo silisiyanitsa khungu ndi tsitsi. Timagwira tsono kumapeto kwa cigwiriro ndi zala zitatu, momasuka kotero kuti wina atabwera angatilande makinawo osalimbana nafe. Kulemera kwa citsulo cokhaco ndiko kumameta. Mkono wonse ndiwo umayenda, mfundo ya dzanja ili duu, ndipo timakoka pang'onopang'ono, kutalika kwa cala cimodzi copingasa kapena ziwiri, kenaka nkunyamula. Mkulu wina wa kwathu, amene anameta ndevu zake zaka zoposa makumi asanu, ankati cofunika ndi kucotsa thovu lokha, ndevu zidzatsatira zokha. Mau amenewo anatithandiza kuposa malangizo ena onse, cifukwa munthu amene akungofuna kupukuta thovu sakanikiza.

Kapendekedwe ka makina timakapeza ndi khutu. Timagoneka civundikiro pa tsaya, cigwiriro citaloza kumbali ngati nthambi, ndipo timacitsitsa pang'onopang'ono uku tikukoka, mpaka timve kaphokoso kakuti khwee, ngati munthu akusesa pa mcenga wouma. Pamenepo lumo lakumana ndi tsitsi pa mlingo wake, pafupifupi madigiri 30. Kukakhala zii, lumo likudutsa pamwamba. Kukamveka kukanda ndi kuwawa, latsika kwambiri ndipo likupala khungu monga timapalira mamba a cambo. Alipo anzathu amene pa makina aukali amayambira kwina: amagoneka mkombero wa kambale, cigwiriro cili pafupi ndi tsaya, nkumacikweza pang'ono. Onse awiri amafika. Cosaloledwa ndi cimodzi, kutsetsereka cam'mbali motsata utali wa lumo. Kumeneko si kumeta, ndi kuceka, ndipo bala lake limakhala lowongoka ngati la mphini. Mwana akakuitanani kapena nkhuku ikalowa m'nyumba, yambani mwacotsa makina pa nkhope musanatembenuke.

Tsopano tifike pa nkhani imene imativuta ife anthu a tsitsi lopotana, ndiyo tiziphuphu ta pakhosi. Tsitsi lathu silikula mowongoka. Likadulidwa pafupi kwambiri, makamaka pansi pa khungu, msonga yake yakuthwa imapindika nkubaya khungu lomwelo, kapena kukulira m'kati osatuluka. Thupi limalimbana nalo ngati munga, pamatupa, pamacita mafinya, ndipo pakapita zaka khosi limada ndi kucita makwinya olimba. Si matenda opatsirana, si ufiti, ndipo si uve. Vutoli ndi lodziwika kwa madokotala kulikonse kumene kuli amuna akuda, mwakuti m'gulu la nkhondo la America, mmene lamulo limafuna nkhope yometa, kwa zaka zambiri asilikali ovutika nalo ankapatsidwa kalata ya dokotala yowalola kusunga ndevu zazifupi. Makina aukali angathe kukulitsa vutoli kapena kulicepetsa, malinga ndi mwini. Tinaphunzira kuyamba tasiya ndevu masiku atatu nkuzisisita ndi cala, kuti tidziwe kumene zikulowera. Pa masaya zambiri zimatsika. Pakhosi ndiye pali cipwirikiti: zina zimakwera, zina zimapita cam'khutu, zina zimazungulira ngati madzi a pa mathithi, ndipo palibe amuna awiri ofanana, ngakhale a bere limodzi. Timameta motsata kumene tsitsi likupita, kamodzi. Pakatsala, timapakanso sopo nkudutsa mopingasa. Mobwerera tsitsi sitimeta konse pakhosi, ndipo sitikoka khungu ndi dzanja linalo kuti liuume gwa, cifukwa tikalisiya tsitsi lodulidwalo limabwerera m'kati.

Tikudziwa kuti anyamata safuna kumva zimenezi. Amafuna tsaya losalala ngati la khanda, loti cala cisamve kanthu. Ife tikuti kusalala kotero si kwa aliyense, ndipo kukongola kwa Loweruka usiku kumene kumabala ziphuphu Laciwiri ndi malonda oluza. Amene ziphuphu zamugwira kale asiye kumeta milungu itatu kapena inayi, azingodulira ndi sizasi, khungu lipole. Kusunga ndevu zosamalika si manyazi. Anansi athu Acisilamu ambiri amatero ndipo amaoneka aulemu.

Za lumo lenilenilo tinene mwacidule. Lobuntha ndi loopsa kuposa lakuthwa, cifukwa limakoka tsitsi, ndipo dzanja likamva kukokako limayamba kukanikiza losauzidwa. Mu 2020 akatswiri a pa sukulu ya MIT ku America anaonetsa ndi makina okuza zinthu kuti tsitsi, ngakhale ndi lofewa kwambiri poyerekeza ndi citsulo, limabenthula msonga ya lumo pamene lapindika podulidwa. Kwa ndevu za sabata yathunthu, ife timaona kuti lumo limodzi limatha pa kumeta katatu kapena kanayi. Malumo osacita dzimbiri msanga anafala kuyambira 1962, pamene kampani ya Wilkinson Sword ya ku England inawatulutsa, komabe cinyezi ca kunyanja sicikhululuka: tikatha timamasula makina, kutsuka, kukutumula madzi, nkuumitsa pamthunzi. Maina a malumo ndi ambiri, monga Minora, Nacet ndi Super-Max, ndipo lokoma pa nkhope ya mkulu wako lingathe kukuluma iwe. Pakatuluka magazi, madzi ozizira ndi kukanikiza ndi kansalu koyera zimakwanira. Amene angapeze mwala uja Apwitikizi amati pedra-ume apakepo. Umaluma pang'ono koma umatseka. Dothi, phulusa ndi madzi a batire zisayandikire bala.

Magazi omwewo ndiwo atifikitsa pa nkhani yokhudza banja lonse, osati abambo okha. Makina aukali, ngakhale m'dzanja laluso, amasiya timabala tosaoneka ndi maso. Kacilombo ka matenda a ciwindi ochedwa hepatitis B kamatha kukhala ndi moyo kunja kwa thupi masiku 7 kapena kuposerapo, m'kadontho ka magazi ouma pa lumo, ndipo munthu angakhale nako zaka zambiri osadwala. Ka HIV sikakhalitsa motero, koma nako kamayenda ndi magazi. Lumo tsono ndi la munthu mmodzi, ngati mswaci. Pa ife amuna ndi cosavuta kunena. Povuta ndi pa mwambo. Tsiku lometa maliro acibale amakhala pamzere, ndipo kale lumo limodzi linkayenda mitu yonse, ngati cizindikiro cakuti cisoni ndi cimodzi. Ife sitikuona kuti mwambo umacepa mphamvu pamene mwinimbumba wagula kapaketi ka malumo nkupatsa aliyense lake. Ndi cimodzimodzi pa kumeta tsitsi loyamba la khanda, ndipo koposa zonse pa kudula mcombo ngati mwana wabadwira panjira ya kucipatala: lumo likhale latsopano, lotuluka m'pepala lake nthawi yomweyo, cifukwa lakale limabweretsa kafumbata.

Inu atate, ndi inu atsibweni amene mwasiyiridwa ana a alongo anu pamene atate ao ali kutali ku nchito, mnyamata akayamba kumera ndevu musadikire kuti akufunseni, pakuti sadzafunsa. Adzatenga makina anu mobisa, mumdima, mofulumira, ndi lumo lanu lomwe. Mugulireni lake. Ngati mungapeze makina ofatsa, ayambire amenewo. Ngati m'nyumba muli aukali okha, milungu iwiri yoyamba azimeta masaya okha, pamene pali poyalika, cibwano ndi khosi muzimudulira ndi sizasi. Khalani pambali pake masana kuli kowala, kalilole atakolowekedwa pa mtengo wa mango kuti manja onse akhale omasuka, ndipo muikeni dzanja lanu pa lake kamodzi kuti amve kupepuka kumene mau sangafotokoze. Pansi pa mphuno ndi pa mfundo ya pakhosi ndi pomalizira. Pa mfundoyo khungu amalikankhira pambali pang'ono, kapena amameza malovu nkugwira mpweya kuti ibisale. Kwa ambiri a ife dzanja linazolowera patapita Maloweruka asanu kapena asanu ndi limodzi.

Malumo otha nchito tisawataye kuseri kwa bafa kapena pa mcenga wa kudooko, kumene ana amayenda opanda nsapato ndi kuwatola kuti akasongolere mapensulo. Kwathu timaboola kampata pa civundikiro ca kacitini, nkumaponyamo limodzilimodzi. Kacitini kamodzi kamatenga zaka kuti kadzaze, ndipo kakadzaza timakaphwanya kukamwa ndi mwala nkukaponya m'cimbudzi cokumba.