Galimoto Imene Inauluka

M'caka ca 1999, pa mpikisano wa Le Mans m'dziko la France, galimoto ya Mercedes-Benz inanyamuka pamseu, nitembenuzika m'malere, nikagwera m'mitengo. Woyendetsa wace, Peter Dumbreck, anapulumuka.

Kodi cinainyamula nciani? Ndi mphepo. Galimoto ikamathamanga, mphepo yopita pamwamba pace imaikokera kumwamba, monga imacitira ndi phiko la ndege. Yolowa kunsi imaitukula ngati denga la malata. Liwiro likakula kawiri, mphamvuyo imakula kanayi.

Cifukwa cace magalimoto ambiri a mpikisano ali ndi mapiko ozondoka, owakanikizira pansi. Galimoto wamba siuluka, koma imapepuka: matayala sagwira mseu zolimba, ndipo ciongolero sicimveranso dzanja. Woyendetsa wanzeru amacepetsa liwiro kuti anthu ace akafike amoyo.