Ndimamanga Makalasi Opanda Njerwa

Ntchito yanga ndi yomanga, koma sindigwira njerwa kapena simenti. Ndimamanga malo ophunzirira a m'kompyuta, omwe wophunzira wa pa yunivesite amalowamo kudzera pa intaneti. Akalowa amakhala ndi kamunthu komuyimira, kotchedwa avatar, komwe amakayendetsa, kukakhazika pansi, kugwiritsa zinthu ndi kulankhulitsa ndi anzake. Lusoli ndinaliphunzira mu Second Life, dziko lomwe kampani ya Linden Lab ya ku San Francisco inatsegula mu 2003.

Chilichonse chimene ndimamanga kumeneko chimayamba ndi kabokosi kamodzi komwe timati prim. Umakatambasula, kukaboola, kukapinda, kukadula, kenako n'kukaveka chithunzi cha thabwa, chitsulo kapena nsalu. Tambirimbiri tikalumikizana timakhala bedi la wodwala kapena chipata cha pamalire. Kuti chitseko chitseguke munthu akachikhudza, umachilembera malangizo m'chilankhulo cha kompyuta chotchedwa LSL. Malo omangapo ndi chilumba cha mamita 256 m'litali ndi 256 m'lifupi, ndipo chili ndi malire a katundu amene chingasenze.

Pali zinthu zimene mmisiri amazidziwa ndi manja basi. Denga liyenera kukwera kuposa la nyumba yeniyeni, chifukwa wophunzira amaona kamunthu kake kuchokera kumbuyo ndi pamwamba pang'ono. Denga likatsika, amangoona mdima wa siling'i. Makomo ndimawakulitsa kwambiri, poti wongoyamba kumene amayenda mokhotakhota n'kumagunda zipupa. Pamwamba pa masitepe ndimayala thabwa losaoneka kuti munthu asamapunthwe. Mawu olembedwa mu Second Life amamveka pa mtunda wa mamita 20, choncho magulu okambirana ndimawatalikitsa kupitirira pamenepo, apo ayi zokamba za gulu lina zimalowerera za anzawo. Zithunzi zoveka pazipupa ndimazichepetsa dala. Chipupa chokongola chimene chikutenga mphindi zitatu kuti chioneke pa laputopu yakale ya wophunzira chamulanda phunziro, ndipo wa laputopu yakaleyo ndi amene ndimamuganizira poyamba.

Pempho lomwe ndimalandira kawirikawiri kwa akuluakulu a sukulu ndi lakuti, "Timangireni yunivesite yathuyi mmene ilili, ndi chipata chake, ndi holo yake." Ndimayankha mwaulemu kuti, "Bwana, zimangika, koma ophunzira akakafikamo azikatani?" Cha m'ma 2007 mayunivesite ambiri anabwereka zilumba n'kumangapo nyumba zofanana ndendende ndi zawo. Zambiri zinangokhala zii, opanda wolowamo. Kusonkhanitsa ana asukulu m'dziko lomwe munthu amatha kuuluka, n'kuwakhazika pa mizere ya mipando kuti aziyang'ana masilaidi, n'kuwononga nthawi yawo. Zimenezo Zoom imazichita bwino popanda chipwirikiti.

Amene anachita zanzeru anamanga zinthu zosatheka m'kalasi wamba. Ku Loyalist College, ku Ontario m'dziko la Canada, ankaphunzitsa anthu odzagwira ntchito pamalire a dziko, koma malamulo a chitetezo atakhwima ophunzirawo sankaloledwanso kukayeserera pachipata chenicheni. Anamanga chipatacho mu Second Life, ophunzira n'kumasinthana, wina kukhala wofunsa, wina woyendetsa galimoto wobisa kanthu. Ku University of California, Davis, dokotala wa matenda a maganizo Peter Yellowlees ndi anzake anamanga wodi imene wolowamo amamva mawu omunyoza ndi kuona pansi pakusanduka, monga mmene odwala schizophrenia anawafotokozera. Zoterezi buku silingakulawitse.

Ine ndimakonda kumangira anamwino. Wodi yanga ili ndi mabedi ochepa, sinki pakhomo, ndi makina oonetsa kugunda kwa mtima omwe mphunzitsi amatha kusintha manambala ake ali pakona, osaoneka. Wophunzira amalowa, kusamba m'manja, kuwerenga fayilo, kenako kufunsa wodwala, yemwe amamuyendetsa ndi mphunzitsi wina. Manambala akayamba kutsika, mawu a wophunzira pa maikolofoni amanjenjemera zenizeni, ngakhale akudziwa kuti pabedipo pagona chithunzi. Mtsikana wina anaiwala kufunsa ngati wodwalayo amadana ndi mankhwala ena alionse. Makina analira, iye n'kungoti kakasi. Atamaliza, aphunzitsi ake anakhala naye pansi n'kuwerenga limodzi zonse zimene zinalembedwa pa kukambirana kwake ndi wodwalayo, mzere ndi mzere, mpaka anapeza yekha pomwe panasowa funsolo. Anapempha kuti abwereze. Palibe anavulala, ndipo funso limenelo sindikhulupirira kuti adzaliiwalanso. Gawo lokambiranali ndi limene lili ndi phindu kuposa zonse ndimamangazo, n'chifukwa chake pafupi ndi wodi iliyonse ndimasiyapo kachipinda kopanda zokongoletsa kokhaliramo pansi.

Phunziro loyamba limathera pa kuphunzira kuyenda, kukhala ndi kutsegula maikolofoni. Mphunzitsi amene sakufuna kupereka ola limenelo ndi bwino asayambe n'komwe.

Chimene chimandipweteka pa ntchitoyi n'chakuti timamanga pa munda wobwereka, mwini wake akafuna amakulanda chimanga chisanache. Mu 2010 Linden Lab inalengeza kuti ikuchotsa kuchotsera kwa theka la mtengo komwe inkapatsa masukulu. Mayunivesite ambiri anatseka zilumba zawo, ntchito ya zaka ya amisiri anzanga n'kuzimiririka. Kuchotserako kunadzabwerera, koma anthu anali atabalalika kale. Malo ena otere nawonso anatha: Microsoft inatseka AltspaceVR mu 2023, Mozilla nayo n'kusiya Hubs mu 2024, ndipo aphunzitsi omwe anali ndi makalasi kumeneko anayambanso kusamuka. Tsopano kwabwera magalasi ovala kumaso olowera nawo m'malo a m'kompyutawa. Morehouse College ya ku Atlanta inayamba kuphunzitsa nawo mu 2021. Ndi okoma ndithu, koma ndi odula, ena amachita nawo chizungulire, ndipo funso loti malowo ndi a yani silinachoke.

N'chifukwa chake zambiri ndimamanga pa OpenSimulator, pulogalamu yaulere yomwe inayamba mu 2007, imene yunivesite ingathe kuiyika pa seva yakeyake. Chilumba chonse chimasungika m'fayilo imodzi ya OAR, yoti ukhoza kuinyamula pa fulashi. Imathanso kuyenda pa makompyuta olumikizana a m'chipinda chimodzi popanda intaneti yakunja, nkhani yomwe ndimaiganizira ndikakumbukira mtengo wa bandulo kwathu ku Malawi. Mphunzitsi aliyense amene ndamumangira ndimamupatsa fayilo yakeyo m'manja, pamodzi ndi pepala lofotokoza mmene angasinthire manambala a makina ndi mayankho a wodwala ine kulibe.